Kodi Mphatso ya Tom Inali ya Yani?

Thomas Wiggins anabadwa m'ukapolo ku Georgia, m'dziko la Amerika, m'caka ca 1849. Anali wakhungu cibadwire, ndipo nzeru zakudzisamala nazo sizinakule monga za anzace. Koma akamva nyimbo kamodzi kokha, ankailiza pa piyano monga anaimvera. Ngakhale mkokomo wa mvula ankautsanza. Mu 1860 analiza piyano ku White House pamaso pa Pulezidenti James Buchanan.

Ndarama zimene anthu ankalipira pakhomo zinalowa m'thumba la mbuye wace, James Bethune. Ukapolo utatha mu 1865, anzace anamasuka, koma Tom anatsala, pakuti oweruza anati munthu wotere afunika womsunga, ndipo omsungawo anali a banja la Bethune lomwelo.

Kapena wina adzati, "Nanga Tom akanatha kuwerenga ndarama? Kodi sanamdyetse ndi kumveka?" Ndivomera, yekha sakanakhala. Koma woweta ng'ombe za mwana wamasiye sasanduka mwini khola cifukwa anazidyetsa. Kusadziwa kuwerenga cuma sikumlanda munthu cuma cace. Kungokuza mlandu wa iye amene amuwerengera. Cimene cindiwawa koposa ndi ca amai ace, a Charity: anthu a ku London analipira namuona, pamene iwo anatha zaka zambiri osamuona.

Mu 1887 oweruza anampereka kwa Eliza, mpongozi wa Bethune. Tom anamwalira ku Hoboken mu 1908, ali m'manja mwa Eliza yemweyo.