Mlandu wa Mayi Wamasiye ndi Mlandu Wathu

Mawu a Mulungu: Miyambo 31:1-9; Numeri 27:1-11



Tikamva kuti lero tiwerenga Miyambo 31, ambirife timayembekeza kumva za mkazi wakhama uja amene amadzuka kusanache. Ndime zimenezo timazidziwa bwino chifukwa timazimva pa maukwati ndi pa zilangizo. Koma mutu umenewu umayamba ndi mayi amene akulangiza mwana wake, mfumu Lemueli. Atamuchenjeza za chiwerewere ndi za mowa, akumuuza kuti asakhale chete pamene munthu wosauka, wosatha kudziyankhulira, akuponderezedwa pa mlandu. Taonani, chiphunzitso choimira osauka pa bwalo chidatuluka m'kamwa mwa mayi ngati inu ndi ine.

Ine ntchito yanga ndi ya uloya. Loweruka limodzi pa mwezi ndimakhala mu holo ya tchalitchi kumva mavuto a anthu popanda kuwalipiritsa. Amene amabwera si anthu a milandu ikuluikulu ayi. Ndi amayi ogulitsa tomato ndi makala, atsikana ogwira ntchito m'nyumba amene achotsedwa osalipidwa, agogo amene mdzukulu wawo ali m'chitokosi cha apolisi. Koma ochuluka kuposa onse ndi amayi amasiye.

Ndikukumbuka mayi wina wa ku Bangwe. Amuna ake anali kalipentala, ndipo awiriwa adamanga nyumba ya zipinda zitatu pang'onopang'ono, njerwa adaumba okha. Amunawo atamwalira, alamu ake ndi alongo a malemu adatenga makiyi, mapepala a poloti, njinga, wailesi ndi mashini osokera amene mayiyu ankapezera chakudya cha ana anayi. Adamuuza kuti abwerere kwawo. Iye adangoti Mulungu ndiye akudziwa, nakakhala m'kanyumba ka lendi.

Padapita miyezi isanu ndi itatu asanabwere kwa ine, ndipo sadabwere yekha. Adachita kumukoka ndi mayi mnzake wa m'gulu lathu lino, amene adamulipirira minibasi nakhala pambali pake mpaka kumapeto. Tidalemba kalata, tidaitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri pamaso pa mfumu ya dera, ndipo ndidawafotokozera chimene lamulo likunena. Nkhaniyo sidafike ndi kukhoti komwe. Makiyi, mapepala ndi mashini zidabwezedwa. Njinga ndi wailesi zinali zitagulitsidwa kale, ndipo mwana wamkulu anali atataya chaka cha sukulu. Akadabwera msanga, zimenezo zikadapulumuka.

Tsono mverani chimene ndidawafotokozera tsiku lija. M'chaka cha 2011 dziko lathu lidakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye, patapita zaka zambiri mabungwe a amayi monga WLSA akulirira kusintha. Lamuloli likuti munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake pamodzi ndi ana ake, ndipo ana aakazi ndi aamuna sasiyanitsidwa. Katundu wa m'nyumba amatsala ndi wamasiye. Kutenga chuma cha malemu usali woyenera ndi mlandu umene munthu akhoza kupita nawo kundende. Alamu aja sankadziwa zimenezi, mayi wamasiye uja naye sankadziwa. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Ena amati Mkhristu sayenera kutengera nkhani ku malamulo, angopirira. Kupirira n'kwabwino, koma tiyeni tione Numeri 27. Munthu wina, Tselofekadi, adamwalira m'chipululu osasiya mwana wamwamuna. Mwa mwambo wa nthawiyo ana ake aakazi asanu sakadalandira malo. Atsikanawa sadakhale pansi n'kumalira. Adapita poyera, pamaso pa Mose, wansembe Eleazara ndi akuluakulu, nafotokoza dandaulo lawo. Mose sadawabweze. Adanyamula mlandu wawo kupita nawo kwa Mulungu, ndipo Mulungu adawaikira kumbuyo. Kuchokera tsiku limenelo lidakhala lamulo la Aisraeli onse. Mlandu wa atsikana asanu udapulumutsa ana aakazi ambirimbiri amene anali asanabadwe.

Zotere zachitikanso mumzinda wathu uno. M'chaka cha 2015 apolisi adamanga Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, akupita ku Limbe mbandakucha kukachita malonda ake. Adamumanga pa mlandu wa vakabu. Ambiri akadangolipira chindapusa n'kuiwala. Koma bungwe la CHREAA la kuno ku Blantyre ndi maloya ena adaima naye, ndipo mu Januwale 2017 Khoti Lalikulu lidagamula kuti ndime ya lamulo imene adamumangira ndi yotsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Ganizirani amayi a ku Ndirande, Chilomoni ndi Machinjiri amene amalawirira kukapikula ndiwo zamasamba kunja kukadali mdima. Chigamulo chimenechi ndi chawonso. Momwemonso bungwe la maloya aakazi lidaimira amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe ndi madera ozungulira amene adachitiridwa nkhanza ndi apolisi mu 2019, ndipo mu 2020 khoti lidalamula kuti apatsidwe chipepeso.

Kwa maloya anzanga, ndi kwa inu amene mwaphunzitsa ana mpaka akhala maloya, ndili ndi mawu awa. Lamulo loyendetsa ntchito yathu tsopano limafuna kuti loya aliyense azigwirako ntchito yaulere chaka chilichonse. Koma Mkhristu asadikire kuti lamulo limukakamize. Fizi imene idatiphunzitsa idachokera m'mandasi ndi m'zitenje zimene amayi athu ankagulitsa, ndiye tikakana kumva mlandu wa mayi wa mandasi takana mayi wathu yemwe. Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko muno, adamangidwa mu 1981 natuluka m'ndende mu 1993, amuna ake a Orton Chirwa atafera m'ndende ya Zomba. Atatuluka sadapume. Adayambitsa bungwe la Malawi CARER kuti anthu wamba azipeza uphungu wa zamalamulo. Ngati amene adazunzika chotere adapereka nzeru zake kwa osauka, ife tikanirenji maola ochepa a Loweruka?

Sindikubisirani kuti ntchitoyi ndi yolemetsa. Milandu ina imachedwa m'makhoti mpaka mwini wake kutopa. Ena amabwera opanda pepala ngakhale limodzi. Nthawi zina ndimayenera kumuuza munthu kuti lamulo silili kumbali yake, ndipo amachoka wokhumudwa. Loya woona sakulonjezani kupambana. Amakuuzani zoona ndi kuyenda nanu.

Nanga inu amene simuli maloya? Musaiwale kuti mayi wa ku Bangwe uja sakadafika kwa ine popanda mnzake amene adamugwira dzanja. Loya amakhala mu ofesi, koma inu ndi amene mumagona pa siwa, mumaphika nsima ya pa maliro, mumaona ndani akutulutsa katundu m'chipinda. Chimodzi mwa zolinga za gulu lathu ndi kuthandiza amene moyo wa banja lawo wakumana ndi mavuto. Choncho ndikupemphani zinthu zinayi.

Choyamba, pa maliro muuzeni namfedwa asunge bwino chiphaso cha imfa, mtchatho wa ukwati, mapepala a poloti ndi a kubanki, ndipo asasaine pepala limene sakulimvetsa.

Chachiwiri, dziwani kokatula nkhani. Boma lili ndi ofesi ya Legal Aid Bureau, imene idayamba kugwira ntchito mu 2015, yothandiza amene sangathe kulipira loya, ndipo ilipo kuno ku Blantyre. Ku polisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa. Mayi amene akumenyedwa akhoza kupempha khoti chikalata chomuteteza malinga ndi lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja. Munthu akamangidwa ayenera kutengeredwa kukhoti pasanathe maola 48, ndipo belo ya ku polisi salipira.

Chachitatu, lankhulani ndi amuna anu za wilo, inunso mulembe yanu. Kulemba wilo sikuitana imfa ayi. Imalembedwa pa pepala, mwini wake n'kusaina pamaso pa mboni ziwiri, nazonso n'kusaina.

Chachinayi ndicho chowawa. Pa amene adatenga mashini a mayi uja panali mlongo wa malemu, mayi wopemphera, wovala yunifomu ya mpingo. Tonsefe ndife alamu a wina wake. Tsiku limene mchimwene wanu adzamwalire, satana adzakunong'onezani kuti mudamuphunzitsa ndinu, ndipo mkaziyu ndi wobwera. Tsiku limenelo mudzakumbukire kuti ana amene mukuwalanda ndi magazi a mchimwene wanu yemweyo. Sitingayimbe nyimbo usiku wonse pa siwa, m'mawa mwake n'kunyamula mbale za namfedwa.

Pa msonkhano wanu wotsatira, gulu lililonse lisankhe amayi awiri amene ntchito yawo idzakhala kuyendera amasiye patatha sabata ziwiri chichitikire maliro, kufunsa za katundu, ndi kuwaperekeza kumene kuli thandizo. Ngati mu parishi mwanu muli loya kapena wophunzira zamalamulo, pitani kwa abambo ansembe mukapemphe chipinda ndi tsiku.

Tiyeni tipemphere. Mulungu Atate, Inu mumaona misozi ya amasiye ngakhale ife tikayang'ana kumbali. Tikhululukireni pamene tidakhala chete, ndi pamene manja athu adatenga zimene sizinali zathu. Dalitsani maloya, oweruza ndi onse amene amathandiza osauka popanda malipiro. Tipatseni kulimba mtima kwa ana aakazi a Tselofekadi, ndi mtima wa Mose womvetsera. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.