Kodi Makina Angaphunzitse Mwana?

M'chaka cha 1994 boma la Malawi linathetsa malipiro a sukulu za pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana asukulu chinakwera kuchoka pafupifupi pa 2 miliyoni kufika pa 3 miliyoni. Ichi chinali chokondweretsa ndithu, koma chinadza ndi mavuto ake. M'sukulu zambiri mphunzitsi mmodzi amayang'anira ana oposa 100. Iye akanena mawu, ana onse amavomera pamodzi. Mwana wofulumira amatopa nako kudikira, pamene wochedwa amangogwedeza milomo nabisala m'mawu a anzake. Chaka chimatha iye osadziwa kulemba dzina lake.

Pofuna kuchepetsa vutoli, m'chaka cha 2023 boma linayamba ntchito yotchedwa BEFIT, yopereka matabuleti kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Tabuleti ifanako ndi sileti ya kale, koma iyo imalankhula Chichewa, ndipo moto wake amautenga ku dzuwa. Maphunziro ake a kuwerenga ndi masamu anakonzedwa ndi bungwe la onebillion la ku Britain. Mwana aliyense amavala zomvera m'makutu, nayankha mafunso pokhudza ndi chala. Akalakwa, makinawo amampatsa mpata woyesanso. Akakhoza, amampititsa patsogolo.

Tsono funso lathu nali: ngati makina achita zonsezi, kodi mphunzitsi atsala ndi ntchito yanji?

Tiyambe tavomera ubwino wake. Makina satopa, sakalipa, ndipo saseka mwana wolakwa. Inu amene mwaphunzira kuwerenga muli akulu mudziwa kuwawa kwake kwa manyazi, pamene lilime likana kutchula mawu anthu akuyang'ana. Mwana wochedwa akapatsidwa mpata woyenda monga mwa mphamvu zake, amachotsedwa manyazi amenewo. Ichi nchilungamo, pakuti sukulu inamangidwira mwana aliyense, osati ochenjera okha ayi.

Komatu pali zina zimene makina sangathe. Tabuleti imadziwa kuti mwana walakwa samu, koma siidziwa chifukwa chake. Siidziwa kuti iye wadza kusukulu osadya kanthu, kapena kuti amake ali gone kunyumba. Mphunzitsi ndiye amaona nkhope yakugwa nafunsa. Ndiponso mwana wovala zomvera m'makutu ali yekha, ngakhale akhale pakati pa anzake. Kudikira mnzako alankhule, kutsutsana popanda ndewu, kuthandiza wofooka: izi munthu amaziphunzira kwa anthu. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo mwana wodziwa kuwerenga koma wosadziwa kukhala ndi anthu waphunzira theka lokha.

Chotero tabuleti ikhale kwa mphunzitsi monga khasu kwa mlimi. Khasu labwino limapeputsa ntchito, koma silidziwa nyengo yobzala. Nthawi imene makina amuombolera, mphunzitsi aigwiritse ntchito pokhala pansi ndi mwana amene watsalira. Akaisandutsa nthawi yopumula, ana adzakhala amasiye m'kalasi mwawo momwe.

Nanunso makolo muli ndi mbali yanu. Mwana akabwera kusukulu, mufunseni chimene waphunzira lero, ndipo akuwerengereni mokweza. Akakodwa pa mawu ena, musamkalipire. Yesani naye pamodzi, popeza inunso njira imeneyo mwaiyenda.