Kapu ya Mlonda

Funso lathu sabata ino ndi ili: madzi akachepa, ndani amadikira, nanga anamusankha ndani kuti azidikira?

Buku la ana lotchedwa Thirst, limene analemba Varsha Bajaj ndipo linatuluka mu 2022, limasimba za Minni, mtsikana wa zaka 12 wa kudera la anthu osauka mumzinda wa Mumbai ku India. Mayi ake atadwala, iye ndiye ankakaima pamzere wa madzi, kenaka n'kukagwira ntchito m'nyumba ya anthu olemera kumene madzi amangotuluka pampopi. M'dziko limenelo nkhani ya madzi inalukana kalekale ndi tsankho lotengera gulu limene munthu wabadwiramo. Mu 1927, B. R. Ambedkar anatsogolera anthu amene ankatchedwa odetsedwa kukamwa padziwe la Chavdar m'tauni ya Mahad. Lamulo linkawalola, koma anansi awo ankawakaniza, ndipo atamwa, ena anachita mwambo woti ayeretse dziwelo.

Tinganene kuti zimenezo n'zakutali, kuno tilibe magulu otere. Komabe tiyeni tiyang'ane mzinda wathu. Madzi ambiri a Lilongwe Water Board amachokera mumtsinje umodzi wa Lilongwe, umene umayambira ku Dzalanyama n'kusungidwa m'madamu a Kamuzu ku Malingunde. Koma akafika mumzinda amagawikana. Ku Area 47 amathirira kapinga ndi kutsukira galimoto. Chapafupi pomwepo, ku Mtandire, ambiri amagula pa ndowa pakiyosiki, ndipo tsiku lopanda ndalama kapena mpopi ukauma amapita kuchitsime. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo kawirikawiri imakhala pamutu pa mayi kapena mwana wamkazi amene ayenera kukafika kusukulu m'mawa womwewo.

Kugawikana kumeneku kumapha. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inatenga miyoyo yoposa 1,700 m'Malawi, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Tonse tinauzidwa kuti tizisamba m'manja pafupipafupi. Langizo linali limodzi, koma kwa wina linali kungotsegula mpopi, kwa wina linali kusankha pakati pa kusamba m'manja ndi kuphika nsima.

Wina angati, "Zimenezo n'za boma ndi a Water Board. Ine ndimalipira bilu yanga, sindinabere munthu." Zoona, mapaipi saikidwa ndi banja limodzi. Koma pali chinthu china chimene chili m'manja mwathu. M'nyumba zina kumayadi muli kapu yakale yokhala payokha kuseri kwa khitchini, ya mlonda kapena wantchito wapakhomo. Munthu yemweyo amene amaphika chakudya cha banja ndi kusambitsa ana saloledwa kumwera tambula imene watsuka yekha. Akuti n'chifukwa cha ukhondo, koma mlendo wofika pa galimoto safunsidwa za ukhondo wake. Kapu imeneyo ndi dziwe la Mahad laling'ono.

Ndipo ana amaona. Mwana wa kumayadi amaphunzira kuti pali anthu a tambula ndi anthu a kapu yakuseri. Mwana wa mlonda, atamva kwa bambo ake, amaphunzira malo ake. Palibe anawaphunzitsa ndi mawu. M'mera mpoyamba.

Bahá'u'lláh anaphunzitsa kuti anthu onse ndi banja limodzi, ndipo anayerekezera dziko ndi thupi la munthu. Dzanja silinganene kuti chilonda cha phazi si nkhani yake. Ziphunzitso zathu zimatinso kulemera kopyola muyezo ndi umphawi wadzaoneni ziyenera kutha, ndipo zimakweza chilungamo. Apa tisiyanitse zinthu ziwiri. Chifundo chimapereka chigubu cha madzi pageti, ndipo n'chabwino. Chilungamo chimafunsa chifukwa chake munthu yemweyo amabwera pageti tsiku lililonse, ndi ngati malipiro amene timampatsa amakwanira kugula madzi a banja lake. Chifundo chopanda funso limeneli chimasiya wopatsa pamwamba, wolandira pansi.

M'gulu lathu lino ena amalemba antchito, ena amalembedwa ntchito. Tisalozane chala, tikambirane moona mtima ngati ana a nyumba imodzi. Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso okambirana:

1. Ndi zizolowezi ziti zapakhomo zimene zimauza ana kuti anthu ena ndi otsika?
2. Kodi munthu amene wazolowera kapu yakuseri tingamuthandize bwanji osamuchititsa manyazi?
3. M'makalasi athu a ana, ndani amatunga madzi, ndipo ndani amamwa poyamba?
4. Ndi ntchito iti ya madzi imene gulu la achinyamata la m'dera lathu lingayambe mwezi uno, litafunsa kaye anthu a pamalopo?