Njerwa za Nebukadinezara



M'mawa uno mtima wanga uli pa Danieli chaputala 4. Mfumu Nebukadinezara inachenjezedwa m'maloto, ndipo panadutsa miyezi 12 isanalangidwe. Chaka chathunthu choti ilape! Koma tsiku lina ikuyendayenda pamwamba pa nyumba yachifumu, inayang'ana mzinda wa Babulo n'kuyamba kudziguguda pachifuwa kuti zonsezo ndi mphamvu zake. Isanamalize n'komwe kulankhula, ufumu unaichokera. Munthu amene mitundu ya anthu inkamugwadira anakadya udzu ngati ng'ombe, mame akumunyowetsa, zikhadabo zitatalika ngati za mbalame.

Ofukula zakale anapeza njerwa zambirimbiri zodindidwa dzina lake. Ankafuna kuti khoma lililonse lizimutchula. Lero Babulo ndi mabwinja ku Iraq, kummwera kwa Baghdad, ndipo njerwa za chipata cha mzindawo chotchedwa Ishtar zili ku Berlin.

Nafenso timadinda mayina athu, kungoti pa tinthu ting'onoting'ono. Pamaliro timatchera khutu kuti timve ngati chipepeso chathu achilengeza. Kutchalitchi nkhope imagwa akatikhazika pabenchi ya kumbuyo. Ine ndinakhalapo tsiku lonse nditakhumudwa chifukwa pamwambo wina sanatchule udindo wanga, ndipo ndikakumbukira ndimachita manyazi pamaso pa Ambuye.

Nzeru za mfumuyo zinabwerera itakweza maso kumwamba. Musanatuluke m'nyumba lero, gwadani kaye, mumuthokoze Mulungu chifukwa cha mpweya umene mwadzuka nawowu.