Ngongole ya Mmisiri: Frank Bowling ndi Mitsinje Yake

Kodi munthu wojambula, pamene anthu a mtundu wake ali pagoli, ali ndi ufulu wotembenukira kumtsinje n'kuyamba kulondola mmene dzuwa likunyezimira pamadzi? Funso limeneli lidamutsata Frank Bowling kwa zaka zoposa 50, ndipo mpaka lero silidakalambe.

Bowling adabadwa mu 1934 ku Bartica, m'dziko lomwe panthawiyo linkatchedwa British Guiana, lero Guyana, kufupi ndi pomwe madzi a Mazaruni ndi Cuyuni amathira mu Essequibo. Adakulira ku New Amsterdam, m'mphepete mwa mtsinje wa Berbice, komwe mayi ake ankasoka zovala ndi kuyendetsa sitolo. Mu 1953 adapita ku London, ndipo mu 1962 adatsiriza maphunziro ku Royal College of Art atapata mendulo ya siliva. Ya golide idapita kwa David Hockney. Zojambula zake zoyamba zidali za anthu ooneka ndi maso: opemphetsa, amayi ali pa ululu wa uchembere, ndiponso imfa ya Patrice Lumumba, yomwe adaijambula mu 1961. Mu 1966 adalandira mphoto yaikulu pa chikondwerero cha luso la anthu akuda ku Dakar. Njira idali yolambulalambula. Akadatha kukhala mboni ya masautso a anthu akuda moyo wake wonse popanda womufunsa kanthu.

Koma m'chaka chomwecho adasamukira ku New York, ndipo nkhope za anthu zidayamba kuzimirira pa zinsalu zake. Poyamba padatsala mapu a Africa ndi South America, akuyandama m'nyanja ya utoto wofiira ndi wachikasu, monga pa chinsalu cha mu 1970 chotchedwa Middle Passage, dzina la ulendo wa akapolo powoloka Atlantic. Pofika 1973 mapuwo adali atachokanso. Bowling adakhoma thabwa lalikulu lopendekeka, n'kumathira utoto kuchokera pamwamba, pafupifupi mamita awiri, kuti uyenderere wokha. Ntchito ya burashi idatengedwa ndi kulemera kwa utoto komanso kutsetsereka kwa thabwa. Mtsinje weniweni suoneka pa zinsaluzi, koma utoto ukuchita zomwe mtsinje umachita: ukuyenda, ukukokolola, ukusiya matope m'mbali. M'zaka za m'ma 1980 zinsaluzo zidanenepa ndi phala la utoto, timizere ta siponji ndi tizinthu totola, mpaka kufanana ndi pansi pa dambo madzi ataphwa. Kumapeto kwa zaka zomwezo adajambula zinsalu zotchedwa Great Thames, potengera mtsinje wa mu London. Ili ndi luso lomwe m'Chingerezi amalitcha abstract, losafanizira munthu, mtengo kapena nyumba.

Mlandu udabuka chifukwa cha nyengo. Malcolm X adaphedwa mu 1965, Martin Luther King mu 1968, ndipo amisiri ambiri akuda ku America ankati luso ndi chida cha nkhondo, choyenera kumveka kwa munthu wamba pamsewu. Mlanduwu si wopepuka, ndipo amene amaupeputsa sadaumvetse. Chinsalu cha mitundu yokhayokha chikhoza kupachikidwa mu ofesi ya banki osamusowetsa tulo mwini ofesiyo. Chilengedwe nachonso n'chosavuta kuthawirako, pakuti mtsinje sufunsa kuti adamizidwamo ndani. Ndipo munthu wa luso sadzilera yekha: pali mayi amene adapalasa makina osokera, pali anthu amene adamupatsa maso oonera. Nyumba ikamapsa, iye n'kumasirira kufiira kwa lawi, anthuwo ali ndi chifukwa chodandaulira. Mkangano womwewu udafika ku Johannesburg, pamene David Koloane ndi Bill Ainslie adayambitsa misonkhano ya amisiri ya Thupelo mu 1985, ena n'kumati kupaka mitundu yopanda nkhope m'nthawi ya tsankho n'kutengera za ku America.

Bowling sadakhale chete. Pakati pa 1969 ndi 1972 ankalemba m'magazini ya Arts Magazine, ndipo mu 1969 adakonza chionetsero cha 5+1, chosonkhanitsa amisiri asanu akuda a ku America pamodzi ndi iye mwini. Mfundo yake idali yakuti ntchito ya mmisiri wakuda iyesedwe ngati ntchito, osati ngati chiphaso cha mtundu wake. Mfundoyi ili ndi mano. Palibe adafunsapo mzungu wojambula mizere ndi mitundu kuti mavuto a kwawo ali pati pa chinsalu chake. Kunena kuti wakuda ajambule misozi yokha ndiko kuvomera malire omwe atsamunda adalemba kalekale: kulingalira za mtundu, kuwala ndi kukula kwa chinthu kukhale kwa azungu, wakuda akhale wopereka umboni. Wolamula zimenezi akhoza kukhala mbale, koma mpanda ndi womwewo.

Ngati kudali kuthawa, kudamulipira moperewera kwambiri. Ngakhale Whitney Museum ya ku New York idamupatsa chionetsero chakechake mu 1971, ku Britain adakhala zaka zambiri ngati mlendo woiwalika pakhonde. Tate idagula chinsalu chake mu 1987. Royal Academy, yomwe idakhazikitsidwa mu 1768, idamusankha mu 2005, iye kukhala munthu wakuda woyamba kulowamo. Chionetsero chachikulu cha ntchito ya moyo wake ku Tate Britain chidadza mu 2019, ali ndi zaka 85.

Pali mbali ina imene omuteteza amaikonda kwambiri, ndipo m'pamene pagona vuto. Mu 1989 Bowling adapita ku Guyana ndi mwana wake, ndipo kumeneko adazindikira kuti kuwala komwe kwakhala kukutuluka pa zinsalu zake ndi kwa kwawo, kwa dzuwa lotentha pamadzi ndi pamatope. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Omuteteza amagwira pamenepa n'kunena kuti: mwaona, sadatitaye, m'madzimo muli Essequibo, muli zombo za akapolo, muli mbiri yonse. Zina mwa izi n'zoona. Komabe taonani chimene chachitika. Munthu uja wamasulidwa pokhapokha atapezeka kuti ngongole ankalipira ndithu, mobisa. Woweruza wasintha chigamulo, koma bwalo ndi lomwe lija, ndipo lamulo silidakhudzidwe. Akadakhala kuti ku Guyana sadapezeko kalikonse, kodi zinsalu zija zikadasanduka zachinyengo?

Ngongole ilipo, ndipo Bowling adailipira m'njira zooneka: adalemba, adatsutsa, adatsekulira anzake khomo la chionetsero pamene makomo ambiri adali otseka. Chimene adakana n'chakuti mwini ngongole amusankhirenso chojambula. Pamenepa adalondola, pakuti chinsalu chojambulidwa pomvera lamulo chimafanana ndi maliro olira molembedwa ganyu: mawu alipo, koma ofedwa amadziwa.

N'zochititsa chidwi kuti dzina lake litayamba kukwera, zinsalu zomwe zidatsogola zidali za mapu. Ndizo zidaoneka pa chionetsero cha Soul of a Nation ku Tate Modern mu 2017, ndipo chionetsero chomwe Okwui Enwezor adamukonzera ku Munich chaka chomwecho chidatchedwa Mappa Mundi. Pa mapu pali Africa woti munthu n'kumuloza ndi chala, wophunzira n'kupeza cholemba. Zinsalu zothiridwa utoto za m'ma 1970 zilibe chogwirira chotero. Pali mzere wa utoto wotsika kuchokera pamwamba, wofiira utalowerera mu wobiriwira, ndi malo pomwe udauma usadafike pansi.