Thumba la Ufa la Agogo

Padangokhala mnyamata wina amene ankagwira ntchito ya ukalaliki mu ofesi ina ku Lilongwe. Ankakhala ku Kawale ndi agogo ake aakazi, amene anamulera makolo ake atamwalira. Agogowo anabadwira pachilumba cha Likoma, koma anachokako akali mtsikana atakwatiwa ndi mphunzitsi wa kumtunda. Zaka zoposa 40 zinadutsa osapondanso mchenga wa kwawo.

Madzulo alionse, akamasadzula masamba pakhonde, ankamuitana ndi dzina la nthabwala lomwe agogo amaitanira adzukulu awo. "Amuna anga, ndisanatseke maso ndikaoneko malambe a kwathu."

"Dikirani pang'ono, agogo," ankatero mnyamatayo. "Ndigule kaye galimoto. Anthu akandiona bwanji ndikukupanikizani m'minibasi?"

Zaka zitatu zinatha, galimoto osaoneka. Tsiku lina agogo anaika lichero pansi n'kumuyang'anitsitsa. "Kodi galimoto yakoyo idzasambira? Ngakhale nduna imasiya yake ku Nkhata Bay."

Mawuwo anamulasa mnyamatayo, ndipo m'mawa mwake anakapempha tchuthi. Anatenga pepala n'kulemba zonse: basi ya ku Mzuzu, minibasi yotsetsereka makilomita pafupifupi 50 kukafika ku Nkhata Bay, kenaka sitima ya Ilala. Anamva kuti sitimayi imadzera pa Likoma kamodzi pa sabata popita kumwera, kamodzinso pobwerera kumpoto. Anawerengera masiku atatu okhala pachilumba, ndalama za chipinda chogona ndi za chakudya, osasiyapo ngakhale tambala yapadera. Pepalalo linali lokongola ndithu, mizere yake yowongoka. Chimene sanachite n'kufunsa munthu ndi mmodzi yemwe amene anayendapo panyanja, ngakhale agogo ake omwe ankadya nawo mbale imodzi.

Agogo nawo ankakonzeka mwa njira yawo. Anagayitsa chimanga n'kudzaza thumba la ufa, anamanga mchere, shuga ndi mtedza wokazinga, napinda mabulangete awiri.

"Agogo, tikupita masiku atatu okha. Katundu yenseyu ndi wachiyani? Tizioneka ngati tikusamuka."

"Uno ndi mwezi wa June, mwera wayamba. Senza, usandifunse zambiri."

Anasenza, koma akung'ung'udza njira yonse.

Pa doko la Nkhata Bay panali piringupiringu: matumba a chimanga, malata, nkhuku, mitolo ya nkhuni, amayi obereka ana. Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuchokera mu 1951, inali itakocheza, anthu akulongedzamo katundu mpaka mdima. Pafupi nawo panakhala mkulu wina wosavala nsapato, malaya ake ong'ambika paphewa, atakumbatira kachitsulo ka injini ya boti kokulunga m'nyuzipepala. Mkuluyo anayang'ana kumwamba n'kunena kuti, "Mwana wanga, ngati mwawerengera tsiku lobwerera, muwonjezepo. Mphepo iyi sikhala bwino."

"Madala, ndondomeko ya sitima ndili nayo pano," anayankha mnyamatayo akugogoda thumba la malaya, n'kutembenukira kumbali.

Agogo anachita manyazi. Anamasula mtedza, napatsa mkuluyo ndi manja awiri. "Pepani achimwene, ndi mwana wa m'tauni." Usiku utakula, mphepo yozizira ikuwomba m'kalasi yotsika momwe anakhala mothithikana, anatulutsa bulangete limodzi n'kumufunditsa mkulu uja. Mdzukulu wawo ankangoona, mseru utamugwira chifukwa cha mafunde.

Anaima pa Chizumulu kukali mdima, ndipo kutacha Likoma inaonekera: miyala ikuluikulu, malambe ataima ngati akuluakulu pabwalo la milandu, ndi mapiri a ku Mozambique kuseri kwake, pafupi ngati ungawakhudze. Chilumbachi n'cha Malawi ngakhale chazunguliridwa ndi madzi a dziko la eni. Agogo anagwira chitsulo cha m'mphepete mwa sitima, milomo ikunjenjemera, osatulutsa mawu.

Masiku amenewo sitima inkaima patali ndi gombe, anthu n'kumatsikira m'maboti ang'onoang'ono. Boti linkakwera ndi kutsika ndi mafunde, ndipo mnyamatayo, thumba la ufa lili paphewa, anasowa pogwira agogo ake. Mkulu wopanda nsapato uja ndiye anadumphira m'boti, natambasula manja. "Bwerani mlongo wanga, pondani apa, musayang'ane madzi." Pofika kugombe anawabereka kumsana kuti asanyowe.

Masiku atatu aja anali okoma. Anayenda wapansi, pakuti chilumbacho n'chaching'ono ndipo miyendo imakwanira. Agogo anamulondolera ku Chipyela, kumene kuli tchalitchi chachikulu cha Anglican cha St Peter, chomwe amishoni anayamba kumanga mu 1903. Mnyamatayo anaima kukamwa kuli yasa, osamvetsa kuti nyumba yaikulu chotero inamangidwa bwanji pakati pa nyanja. Agogo anamuonetsa pomwe anabatizidwira, kenaka anapita kumanda kukalambula pa mitumbira ya makolo awo. Anagwada nthawi yaitali. Podzuka nkhope yawo inali yowala ngati ya mtsikana.

Tsiku lobwerera, mwera unakalipa. Nyanja inachita thovu, asodzi anakokera mabwato awo kumtunda, ndipo sitima sinaoneke. Mawa lakenso chimodzimodzi. Ndalama za mnyamatayo zinathera pa chipinda chogona, ndipo anakhala pamwala atagwira pepala lake lija, osadziwa kolowera.

"Nyamula thumba," anatero agogo.

Anafunsa ana osewera pagombe za mkulu wa injini ya boti, ndipo anawo anawaperekeza mpaka pakhomo pake. Apo mnyamatayo anadzidzimuka. Munthu amene anamutcha madala uja anali mwini maboti awiri ndi makoka, ndipo anyamata ambiri a m'mudzimo ankadyera pa iye. Mkuluyo sanakumbutse za pa doko. Anangoyala mphasa n'kuitana akazi ake.

Agogo anapereka thumba lija. Mayi wa pakhomopo atamasula n'kuona ufa woyera, anaomba m'manja. Nthaka ya pa Likoma ndi ya miyala ndi mchenga, anthu amalima kwambiri chinangwa, ndipo chimanga chambiri chimachita kubwera pa sitima. Ufa umene mnyamatayo ankachita nawo manyazi pa basi unali mphatso yolemekezeka kuposa ndalama zonse zomwe analemba papepala. Usiku umenewo anadya nsima ndi utaka wowamba, ana a pakhomopo akunyambita zala.

Atatha kudya, mnyamatayo anagwada pafupi ndi mkuluyo, chipewa chili m'manja. "Bambo, ndinakulakwirani pa doko paja. Munandichenjeza, ine ndinakuyankhani mwachipongwe."

"Dzuka mwana wanga. Safunsa anadya phula, koma iwe wangolawa pang'ono. Khala apa ndikuuze za nyanja."

Anamuphunzitsa kusiyanitsa mwera ndi mpoto, miyezi imene madzi amakhala bata, ndi chifukwa chake munthu wopita pachilumba amanyamula chakudya ndi ndalama za masiku owonjezera. Mnyamatayo anatembenuza pepala lake lija n'kulemba zonsezo kuseri kwake.

Mphepo italeka, kulira kwa sitima kunamveka mbandakucha. Mkuluyo anawakweza m'boti lake, nawapatsa dengu la usipa wouma, ndiponso anakankhira ndalama ya basi m'dzanja la mnyamatayo. Pamene sitima inkachoka, agogo anakhala chotembenukira m'mbuyo mpaka malambe anazimiririka.

Agogo anamwalira mvula ya chaka chotsatira itangoyamba, ataona kwawo. Mdzukulu wawo galimoto sanagulebe, koma chaka chilichonse mwera ukatha amakwera basi ya ku Mzuzu, thumba la ufa lili pamiyendo, kupita kukalambula manda a makolo a agogo ake ndi kukagona kwa mkulu uja.