Chiyankhulo cha Mlendo Wobadwira Pompo

Ku Tengwe, m'boma la Hurungwe m'dziko la Zimbabwe, kuli anthu amene amalira maliro awo m'Chichewa ngakhale kuti ambiri a iwo sanapondepo ku Malawi. Makolo awo anapita kumeneko m'nthawi ya atsamunda, kuchokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia, kukagwira ntchito m'minda ya fodya ya azungu. Ambiri anatchona. Anaberekera m'makomboni, nakhazikitsa madambwe a gule wamkulu, matchalitchi ndi mizikiti. Funso lathu ndi ili: kodi ufulu wa munthu wotere pa chiyankhulo chake umachokera kuti?

Kwa zaka zambiri boma linkawaona ngati alendo. Lamulo la maphunziro la 1987 linaika patsogolo Chishona, Chindebele ndi Chingerezi, ndipo ziyankhulo zina zinkaloledwa m'madera momwe eni ake anali ochuluka. Atonga anali ndi Binga. Achewa a m'mafamu analibe dera lotchedwa lawo, pakuti nthaka imene ankagonapo inali ya bwana. Pamene mafamu anayamba kulandidwa mu 2000, ambiri anataya ntchito ndi pogona pomwe. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, nkulamula aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina kuti akakane unzikawo. Anthu obadwira m'Zimbabwe anauzidwa kukana dziko limene sanalionepo, ndipo ambiri analandidwa mwayi wovota mu 2002.

Nkhaniyi ili ndi inzake ku Ulaya. Latvia italandiranso ufulu mu 1991, inapereka unzika kwa amene anali nzika mu 1940 ndi zidzukulu zawo. Anthu ambiri oyankhula Chirasha, amene anabwera m'nthawi ya Soviet Union, anatsala opanda unzika. Mu 2012 ovota anakana kuti Chirasha chikhale chiyankhulo chachiwiri cha boma. Mantha a anthu a ku Latvia ali ndi maziko: Russia inalanda Crimea mu 2014 ndi kuthira nkhondo Ukraine mu 2022, ikunena mwa zina kuti ikuteteza oyankhula Chirasha.

Kusiyana kulipo. Chirasha chinalowa ku Latvia ngati chiyankhulo cha olamulira, pamene Chichewa chinalowa ku Tengwe ngati chiyankhulo cha antchito. Woyankhula Chirasha amakayikiridwa chifukwa kumbuyo kwake kuli dziko lamphamvu. Mchewa wa m'komboni anaiwalika chifukwa kumbuyo kwake kunalibe wom'nenera. Komabe cholakwika ndi chimodzi: onse awiri amayesedwa potengera dziko limene agogo awo anachokera.

Ine ndikuti ufulu wa chiyankhulo ndi wa munthu amene akuchiyankhula, pamalo pomwe akukhala. Mwana wobadwira ku Tengwe sayenera kudikira kuti Lilongwe im'pemphere buku la Chichewa, monganso mwana wa ku Riga sayenera kulipira mlandu wa Moscow. Boma lili ndi chifukwa chomveka chofunira kuti nzika zonse zidziwe chiyankhulo chimodzi chomvanirana. Koma kuphunzitsa mwana Chishona sikufuna kuti achite manyazi ndi mawu amene amayi ake anamulera nawo.

Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anayesa kukonza zimenezi. Gawo 6 linavomereza ziyankhulo 16, Chichewa chili momwemo, ndipo gawo 43 linabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC. Chatsala ndi ntchito yovuta kuposa kulemba lamulo: mphunzitsi, buku, ndi womasulira m'bwalo la milandu ku Karoi.

Ife Amalawi tisafulumire kuloza chala. Mu 1968 tinakweza Chichewa nkuchotsa Chitumbuka pa wailesi ndi m'sukulu. Chiyankhulo chimene chinanyozedwa ku Tengwe ndi chomwecho chimene chinatsekereza anzathu ku Rumphi. Ngati tifuna kuti mdzukulu wa mtchona amvedwe m'Chichewa ku Hurungwe, tiyenera kufunira zomwezo Mtumbuka, Myao ndi Mlomwe kwathu kuno.